Burul Acheka Mfuti ya Apongozi Ake

Nyumba ya a Toktosun ili kumtunda kwa chigwa, kumene msewu umathera n'kusanduka kanjira ka ziweto. M'nyengo yachisanu iwo ndi mkazi wawo Burul ndiwo ankasunga nkhosa za mudzi wonse. Eni ake ankazikweza kumeneko akatha kukumba mbatatesi, n'kudzazitenga chipale chofewa chikasungunuka, ndipo banjalo linkadyera pomwepo. Chimene anthu ankadalira sichinali khola kapena agalu ayi, koma mfuti ya a Toktosun. Mimbulu ya m'mapiri amenewo inkaidziwa mawu.

Koma chaka cha m'mbuyo mwake hatchi inaterereka ndi a Toktosun pamadzi oundana, fupa la paphewa linathyoka n'kulumikizika mokhota. Kuyambira pamenepo mfuti ija, yomwe inkamenya theche ngati bulu wolusa, inasanduka mdani wa mwini wake. Akawombera kamodzi, phewa linkatupa mpaka kulephera kunyamula kapu ya tiyi.

Tsiku lina Burul ankawapaka paphewapo mafuta a kumchira kwa nkhosa, iwo atakhala pafupi ndi mbaula.

"Pang'onopang'ono, mkazi iwe! Kodi ukukanda ufa wa buledi?"

"Ufa sudandaula," anatero Burul, osachepetsa n'komwe mphamvu. "Tatsegulani phukusi la mwana wanu lija, mwina muli phewa latsopano."

Phukusilo linachokera kwa Chinara, mwana wawo wamkazi amene amasoka zovala kumzinda. Munali tiyi, mpango wa mayi ake, ndi kanthu kakuda kamphira, kokhuthala zala ziwiri, kofewa ngati mphuno ya hatchi. Inali nkhata yomangirira kutako la mfuti, kuti theche lizithera mumphiramo lisanafike pafupa.

A Toktosun anatsika nayo kumudzi kwa mmisiri Mamyt, wosula nsapato za mahatchi ndi wokonza mfuti. Mmisiriyo anaifinya, anainunkhiza, n'kugwedeza mutu.

"Mwana wanu sanagule zinyalala, achimwene. Koma tako lichekedwe kaye. Zimene mphira wawonjezera, thabwa lichotse. Kupanda kutero mfuti italika."

"Ukacheke lako," anatero a Toktosun. "Ndi lalikulu mokwanira, ungagawireko mudzi wonse."

Anali ndi chifukwa chawo. Mfutiyo inali ya bambo awo, malemu a Kydyr. Mkuluyo akapha mmbulu ankawotcha msomali pamoto n'kudinda kadontho kumapeto kwenikweni kwa thabwa, ndipo mwana wawo anapitiriza mwambowo, mpaka timadontho tinachuluka ngati zipsera za nthomba. Mlendo aliyense wofika panyumbapo asanamwe tiyi ankayamba waonetsedwa tako la mfuti. Kucheka zala ziwiri pamenepo kunali kucheka mbiri yonse ya nyumbayo.

Choncho anabwerera kwawo, anamasula kachitsulo kakale ka kutakoko, n'kumangirira nkhata ija pamwamba pa thabwa losacheka. Dzuwa la nthawi yokolola linali lidakali ndi mphamvu. Anatuluka ali m'malaya okha, anaimika chitini pamwala, nawombera. Chitini chinauluka. Phewa linangomva ngati mnzawo wawasisita powapatsa moni.

"Taona, make Chinara! Mphira ndili naye, bambo ndili nawonso. Mamyt aja nzeru zawo zinathera m'ziboda."

Burul anali pakhomo, chikhoti cha mwamuna wake chili pamiyendo, akuwonjezera chikopa cha nkhosa pamene panatha. Anaona zimene mwiniwake sanaone: kuti tsaya lifike pathabwa, khosi linkachita kutalika ngati la tsekwe, ndipo chala chinkafika pachowombera ndi nsonga yokha.

"Malaya amenewo muvala mpaka liti, bambo a Chinara?"

"Soka chikhoti, mfuti uisiyire eni ake."

Burul analuma ulusi n'kupitiriza kusoka.

Chipale chinagwa msanga chaka chimenecho. Nkhosa ankazidyetsa kumtsetse woyang'ana dzuwa, kumene mphepo imasesa chipale n'kusiya udzu wouma poyera. Mimbulu nayonso inkadziwa malowo. Inabwera dzuwa likuswa mtengo, motsogozedwa ndi waukazi waukulu wong'ambika khutu, ndipo siinabise n'komwe. Agalu anathamangira mmbulu umodzi umene unawanyengerera kutali, inayo n'kulowa m'gulu la nkhosa.

A Toktosun anali pafupi ndithu, pamalo oti kale sakanaphonya. Anatukula mfuti. Koma tsopano pakati pa phewa ndi mfuti panali chikhoti chaubweya, juzi, ndi malaya awiri. Kachitsulo kakale kankaterereka pachikopa n'kukhala pamalo pake. Mphira sanaterereke, anakakamira m'khwapa ngati nkhupakupa. Anakoka, anatukwana, anakankhira mfuti kutsogolo n'kuibwezanso. Pamene chipolopolo chinkatuluka, chinapita kukafunsa mitambo, ndipo mimbulu inali itasiya kale nkhosa zili gonegone, chipale chitafiira.

Zina mwa nkhosazo zinali za a Orozbai, amsinkhu anzawo a Toktosun, amene anakulira limodzi n'kumanyozana kuyambira ali ana. Koma chipongwe cha ulendo uno chinali ndi mano. A Orozbai ali ndi khola lawo kumunsi ndi ana aamuna akuluakulu osowa chochita, ndipo ankalilakalaka kalekale gulu la nkhosa za mudzi. Anakwera kudzaona mitembo ya nkhosa zawo.

"Mdala iwe, ndamva kuti mfuti yako waiveka nsapato. Nanga bwanji sikuyenda?"

"Mphepo inali yoipa."

"Mphepo? Ine ndimayesa unkawombera Mulungu kuti achepetse chipale." Anamwa tiyi wawo n'kupukuta ndevu. "Zanga ndakhululuka, ndife amodzi. Koma kumudzi anthu ayamba kung'ung'udza. Ziweto zikapitiriza kutha chonchi, usadzati sindinakuuze."

Mlendo atachoka, Burul anatenga sowo kukhoma n'kuiika patebulo pafupi ndi buledi.

"Chekani thabwa."

"Sindicheka bambo anga."

"Ndiye chotsani mphirayo."

"Kuti phewa lithyokenso? Ayi. Vuto si mfuti, vuto ndi chikhoti chako chonenepachi. M'malaya ndinkalasa bwinobwino. Ndizivula powombera, basi."

Burul anawayankha kuti: "Nsapato ikathina, anzanu amasintha nsapato. Inu mwaganiza zodula phazi."

Koma munthu akatsimikiza kugwera m'dzenje, ukamugwira mkono amakutenga iwe ngati mdani. M'mawa dzuwa litangotuluka a Toktosun anakabisala m'miyala ya pamwamba pa mtsetse, anavula chikhoti n'kuchipinda bwinobwino pambali, nakhala m'juzi mokha kudikira. Kuzizira kwa kumeneko si koseweretsa. Malovu amauma asanafike pansi. Mimbulu siinafulumire. Pamene inkaonekera, mano a mlenje anali akuombana ngati ziwiya m'ngolo, mfuti ikuvina m'manja, ndipo chala sichinkamva ngati chagwira chitsulo kapena ayi. Anawombera. Waukazi wong'ambika khutu anangotembenuka, kuyang'ana kumene kwachokera phokoso, n'kupitiriza kukoka nkhosa yake.

Hatchi ndiyo inawabweretsa kunyumba, atagona pakhosi pake. Tsiku lotsatira thupi linatentha ngati mbaula, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Namwino wa kumudzi anakwera pahatchi, anamvetsera pamsana, nati ndi chibayo. Anawabaya jakisoni, anaphunzitsa Burul kubaya otsalawo, nanena kuti akatuluka panja asanachire, abale ayambe kukumba manda nthaka isanaumiretu.

Burul anatsala yekha ndi khola, agalu, ndi wodwala. Nkhosa sakanazitsekera, chifukwa udzu wosunga unali wa nthawi yoswa. Ankazitulutsa, ankakuwa, ankamenya chidebe ndi ndodo. Mimbulu inazolowera chidebecho ngati nyimbo ya pa chakudya.

A Orozbai anabweranso, ulendo uno ndi nkhope ya pamaliro ndi thumba la maapozi. Anakhala pambali pa mphasa ya wodwala.

"Sindinabwere ndekha, ndatumidwa. Akuluakulu anakambirana potuluka kumzikiti. Lachisanu likudzali akwera kudzatenga nkhosa, azipititse kwa ana anga. Musandide, mlamu. Nkhosa sizisungidwa ndi chidebe."

A Toktosun anayesa kuyankha koma chifuwa chinawatsekereza. Burul anathira tiyi wina m'kapu ya mlendo, wodzaza mpaka m'milomo, monga amathirira munthu amene akufunika kumwa msanga n'kumapita.

"Lachisanu silinafike, alamu. Tsikani bwino, njira ikuterera."

Phokoso la ziboda litazimiririka, Burul anavala chikhoti cha mwamuna wake, anamanga lamba, n'kutsitsa mfuti pa msomali. Anachotsa zipolopolo. Anaiika paphewa, anaitsitsa, anaiikanso. Kenaka anatenga kachidutswa ka sopo kamene amalembera nsalu asanaidule, najambula mzere kuzungulira thabwa. Sunali wa zala ziwiri ayi. Mikono ya Burul ndi yaifupi, ndipo ankayeza pathupi pake.

A Toktosun anatsegula maso atamva mpeni wa kukhitchini ukumasula masikuluwu.

"Ukutani iwe?"

"Ndikusoka."

"Make Chinara, ika pansi sowoyo. Ndati ika pansi! Imeneyo ndi mfuti ya bambo anga!"

"Bambo anu anapha mimbulu yawo n'kugona. Ili kunjayi ndi yathu." Anaponda thabwa ndi bondo pa benchi. "Ngati muli ndi mphamvu, dzukani mundilande."

Anayesadi. Anafika pachigongono n'kugweranso pamtsamiro. Sowo inalowa m'thabwa louma lija, utuchi wakuda ukugwera pachiguduli, ndipo kukoka kulikonse a Toktosun ankabuula ngati ikucheka iwo. Chidutswa chitagwa, Burul anachitola, anauzira fumbi, n'kuchiponya pabulangete la wodwala.

"Nawa bambo anu, onse ndi madontho awo. Afungatireni, akufunditseni."

Anaboola mabowo atsopano ndi msomali wamoto, namangirira nkhata ija. Popeza thabwa limacheperachepera likamapita kutsogolo, mphira anatsala akulendewera m'mbali ngati mlomo wa ngamira. Burul anatenga tupa yopalira ziboda za hatchi, anapala mpaka zinalingana. Ntchito yake siinali yokongola. Mmisiri Mamyt akanaiona akanalira.

Burul sanali mlendo pamfuti. Bambo ake analibe mwana wamwamuna, ndipo ali mtsikana ankapha mbira za m'phiri ndi kamfuti kakang'ono. Yaikuluyi anaiwombapo kamodzi kokha atangokwatiwa, inamugwetsa chagada apongozi akuseka, ndipo sanaikhudzenso. Tsopano anatuluka nayo kuseri kwa khola, anaimika chidebe chake chija pachipale, nakoka chowombera mano ataluma. Mfuti inamukankha ngati mwana wang'ombe akamagunda bere la make, basi. Chipolopolo choyamba chinaphonya chifukwa anatsinzina. Anadzitukwana yekha, nawomberanso maso ali tong'o. Chidebe chinalira komaliza.

M'mawa mwake anatulutsa nkhosa, anamanga agalu kunyumba kuti asasokoneze, hatchi anaibisa m'kachigwa, iye n'kukabisala m'miyala. Mimbulu imadziwa munthu wokwera hatchi. Mulu wa chikopa cha nkhosa wokhala phee pakati pa miyala siiuwerengera. Tsiku limenelo siinabwere. Lotsatira inangoonekera patali pamwamba pa phiri, kununkhiza mphepo n'kubwerera. Burul ankafika kunyumba mapazi atafa, n'kubaya mwamuna wake jakisoni, n'kuphika. Iwo sankamulankhula. Ankangotembenukira kukhoma.

Lachinayi kunacha kuli mitambo. Nkhosa zinabalalika pamtsetse, zikufukula udzu ndi ziboda. Kenaka zonse zinatukula mitu nthawi imodzi. Waukazi wong'ambika khutu anatuluka m'mwala wa kumanzere, pafupi kuposa mmene Burul ankayembekezera, akuyenda mosathamanga ngati mwini munda woyendera mbewu zake. Inzake inali m'mbuyo.

Burul anavula golovesi ndi mano. Anatukula mfuti, ndipo inakwera n'kukhazikika paphewa yokha, osakodwa paliponse, tsaya n'kupeza thabwa pomwe linkaliyembekezera. M'chikhotimo munali motentha, manja sanali kunjenjemera. Anadikira mpaka mmbulu unaima kusankha nkhosa, n'kupereka nthiti. Anatulutsa mpweya, nakoka.

Phiri linabwezera mawu. Mmbulu unadumpha m'mwamba, unadziluma m'nthiti, unathamanga pang'ono, n'kugwa mphuno m'chipale. Inzake inamwazikana. Burul anaikapo chipolopolo china n'kuwombera waumuna wotuwa umene unkathawira kumtunda. Anaphonya, ndipo sanadandaule. Gulu lopanda mtsogoleri silibwerera msanga pamene laona imfa.

Anatsika mosafulumira, anaugenda ndi mwala kuti aone ngati wafadi, kenaka anaumanga chingwe. Hatchi inakana, inafwenthera, inazungulira, mpaka anaiphimba kumaso ndi mpango. Anaukoka mpaka pakhomo, anatsegula chitseko n'kuchisiya chotsegula kuti wodwala aone ali chigonere.

A Toktosun anayang'ana khutu long'ambika lija, anayang'ana mkazi wawo amene nsidze zake zinali zoyera ndi chisanu.

"Unalasa pati?" Awa anali mawu awo oyamba chichekereni thabwa.

"Kuseri kwa mwendo wakutsogolo."

"Kangati?"

"Mwamva kangati?"

"Kawiri."

"Chachiwiricho chinali chotsanzika anzake."

Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. "Tseka chitseko, ufuna undiphe nanenso? Ndipo posenda uyambire kumiyendo yakumbuyo, usawononge mchira."

"Ndasenda nkhosa zochuluka kuposa zimene inu mwadya, bambo a Chinara."

Lachisanu masana anthu anakweradi, eni nkhosa ali pamahatchi, a Orozbai patsogolo ndi ana awo atanyamula zikwapu zokusira ziweto. Atakhota pa mwala womaliza, mahatchi anaima okha n'kuyamba kubwerera chambuyo. Pakhoma la khola panali chikopa cha mmbulu chokhomedwa ndi zikhomo, chachitali ngati munthu, mutu uli pansi. Panalibe amene sanalidziwe khutu limenelo. Aliyense wa iwo mmbulu umenewo unali utamudyerapo nkhosa.

A Toktosun anali atakhala pawindo, atadzikulunga bulangete, ndevu zokha zikuoneka. A Orozbai anafuula ali pahatchi.

"Mdala iwe! Namwino anati uli pakhomo la manda. Wadzuka liti kukachita zimenezi?"

Windo linatseguka pang'ono. Munthu wina akanangokhala chete n'kulola anthu aganize zimene akufuna. A Toktosun anali ouma mutu, koma sanali wakuba.

"Ine mfuti ndilibe, Orozbai. Funsa mwini wake, uyo akutuluka m'kholayo."

Burul anatuluka atavala chikhoti chofika m'akakolo, mfuti yaifupi ili kumsana, foloko ya udzu ili m'manja. Mkulu wina wachikulire, amene nkhosa zake zinali zochuluka kuposa za onse, anayamba kuseka mpaka chipewa chinagwa.

"Orozbai, ana akowa anaphapo chiyani chaka chino?"

"Nthawi," anayankha wina kumbuyo, ndipo chigwa chonse chinadzaza phwete.

"Mmbulu umodzi si mimbulu yonse," anatero a Orozbai, nkhope itagwa.

"Zoona, alamu," anatero Burul. "Yotsalayo ikabwera idzandipeza. Mukafuna kutenga zanu, tengani, ndikudziwa zizindikiro za m'makutu mwake. Za anthu ena muzisiye."

Panalibe amene anatsegula khola. Ngakhale a Orozbai anasiya zawo, nati kunja kwada kale kuti ayambe kusankha ziweto, chonsecho dzuwa linali pamutu. Zikwapu zija zinabwerera kumudzi zitapindidwa. Alendo anadzaza m'nyumba, Burul anapha nkhosa yake yomwe, ndipo mfuti inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akufinya mphira wopalidwa mokhotakhota uja n'kuiyesa paphewa ali m'chikhoti.

Mlungu wotsatira, monga mwa mwambo wa wopha mmbulu, Burul anakoleka chikopa pachishalo n'kutsika nacho kumudzi, khomo ndi khomo. Wina anatulutsa mwana wankhosa, wina thumba la ufa, wina uchi. Azimayi anamuveka mipango yoyera, umodzi pamwamba pa unzake, mpaka khosi linasowa. Mimbulu inabweranso kamodzi chipale chisanathe, inamva mawu a mfuti, n'kusamukira chigwa china.

A Toktosun anachira pang'onopang'ono. Nkhosa zikuyamba kuswa anali akutha kufika kukhola ndi ndodo, kulandira ana ankhosa onyowa n'kuwafungatira m'chikhoti. Mudzi unagwirizana kuti chisanu chikubweracho ziweto zidzakweranso komweko. Za mfuti amakanganabe mpaka lero, iwo amati inafupika kwambiri, Burul amati mikono yawo ndiyo inatalika, ndipo amaisinthanitsa malinga ndi amene wayamba kudzuka.

Munthu anatsala pang'ono kutaya khola, dzina ndi moyo womwe pofuna kusunga zokongoletsa za dzulo. Mkazi wake anasunga chimene chimadyetsa nyumba, ndipo ulemu unabwera wokha, wokwera pahatchi. Akale sananame: sunga khosi, mkanda uoneka.